Laputopu yangoti zii: ndi driver kapena masipika apsa?

Mwezi uno mauthenga ambiri amene mwatumiza ku tsamba lathu la makompyuta ndi a nkhani imodzi, ya mawu pa laputopu. Wina akuti yangoti zii, wina ikuthetheka, wina ikung'ung'udza akailumikiza ku mixer. Nde ndasankhapo angapo kuti tithandizane pamodzi. Chomwe chikundiwawa n'choti ambiri mukumalemba mutawononga kale ndalama, ena mwafomatitsa mpaka zithunzi ndi ma assignment kupita, ena mwagula masipika, chonsecho musanadziwe n'komwe kuti chavuta n'chiyani.

FUNSO: Zikomo akulu. Ndili ndi HP EliteBook 840 yomwe ndinagula yogwiritsidwa kale ntchito. Imalira bwinobwino koma itayamba kuchedwa ndinakampatsa mnyamata wina kuti andiikire Windows yatsopano, chibwerereni sikutulutsanso mawu olo pang'ono, pa kasipika ka pakona paja pali ka X kofiira ndipo ndikalozapo ikumalemba kuti No Audio Output Device is installed. Mnyamatayo akuti masipika anapsa ndimupatse ndalama akagule ena. Ndi zoona?
Mnyamata wa ku koleji, Zomba

YANKHO: Achimwene, ndalamazo gwirani kaye. Uthenga mukuwuonawo sukunena za masipika ayi. Kasipika kam'kati kakang'ambika kapena kupsa, Windows nthawi zambiri siidziwa kanthu, imangopitiriza kuonetsa kuti nyimbo ikuyimba, timizere tobiriwira tija tikukwera ndi kutsika, kungoti inu simukumva. Koma ikafika polemba kuti No Audio Output Device is installed ndiye kuti sikuona n'komwe ka chip kopanga mawu kamene kali pa motherboard, bolodi yaikulu ya m'kati mwa laputopu, ndipo kawirikawiri chifukwa chake n'choti palibe driver, kapulogalamu kaja kamene kamathandiza Windows kumvana ndi chip. Komanso onani nthawi yomwe vutoli layambira, imalira isanafomatidwe, yasiya itafomatidwa. Kufomata kumasesa ma driver onse amene laputopu inali nawo, ndipo woikayo akathamanga, osailumikiza pa intaneti kuti idzitengere zosowa, zina zimatsala. Mawu ndi amene amakonda kutsala.

Pangani chonchi. Dinani batani la Windows ndi X limodzi, musankhe Device Manager. Pezani mzere wolembedwa Sound, video and game controllers muutsegule. Ngati zinthu zili bwino mumayenera kuonapo dzina ngati Realtek, Conexant kapena IDT, amenewa ndi makampani opanga ma chip a mawu. Ngati palibe, yang'anani pa Other devices, mwina mupezapo chinachake chili ndi katrayango kachikasu, pena chimalembedwa Multimedia Audio Controller, pena PCI Device basi. Mukaona kachikasuko mtima ukhale m'malo, ndiye kuti chip ilipo yamoyo, ikungosowa driver.

Driver yo katengeni kwa eni ake, pa support.hp.com. Tembenuzani laputopu, pansi pali serial number, imeneyo ndiyo mulembe pa tsamba lawolo. Ndikunenetsa za serial number chifukwa EliteBook 840 si imodzi, pali G1, G2, G3 kumangopita, kunja zimaoneka zofanana koma chip ya mawu imasiyana, nde mukangolemba dzina lokha pa Google mutha kutenga ya Realtek pomwe yanu ndi Conexant n'kuononga bandulo pachabe. Mafayilo amenewa pena amakhala aakulu ndithu, ma MB mazana angapo, bola kudikira Wi-Fi ya pasukulu kapena bandulo ya usiku. A Dell nambala yanu imatchedwa Service Tag, ili ndi zilembo ndi manambala 7, a Lenovo nanunso serial number ili pansi pomwepo. Mukamaliza kuika pangani Restart musanaweruze kuti yakana.

Njira ina yosavuta ndi ya Windows Update. Pa Windows 10 pitani ku Settings, Update & Security, kenako View optional updates. Pa Windows 11 zili pansi pa Advanced options, Optional updates. Mmenemo mumabisala ma driver amene Windows inawapeza koma sinawaike yokha. Malaputopu atsopanoko ali ndi chinanso chotchedwa Intel Smart Sound Technology, chimapezeka pa System devices, ndipo chimenechi chikasowa driver yake olo muike ya Realtek kangati mawu sabwera, nde yambani mwaika driver ya chipset (ma chip aakulu a pa motherboard) ndi ya Intel Smart Sound yo.

Ngati mnyamatayo anakuikirani Windows 11 pa laputopu yakale, paja ambiri akutero chifukwa Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025, mutha kupeza kuti patsamba la HP palibe ma driver a Windows 11 a mtundu wanuwo. Musataye mtima, sankhani Windows 10 64-bit mutenge ya pamenepo, nthawi zambiri imagwira. Koma mapulogalamu aja amati amaika ma driver onse kamodzin'kamodzi, ine sindiwakonda ndipo sindingakulangizeni, amatha kuika driver yolakwika komanso ena amabweretsa zinyalala zambiri zomwe zimachedwetsanso laputopu yomwe mumafuna ithamange.

Kwa owerenga ena amene laputopu yanu sinalirepo chiigulireni: malaputopu ambiri a kaunjikawa anachokera m'maofesi akunja, ndipo maofesi ena amazimitsa mawu mu BIOS, ma setting aja a laputopu amene mumalowamo Windows isanayambe. Pa HP dinani F10 ikamayaka, pa Advanced pali Built-In Device Options, muone ngati Audio Device ndi Internal Speakers zili zochonga.

FUNSO: Ine ndine mphunzitsi, ndimagwiritsa ntchito Dell Latitude poonetsa ana mavidiyo a sayansi m'kalasi. Ana ndi ambiri nde ndimakweza voliyumu mpaka kumapeto pa VLC kuti akumbuyo amve. Panopa yayamba kuthetheka makamaka kumanzere, munthu akamalankhula mawu akumamveka osasa, nyimbo ikakhala ndi bass ndiye zoipiratu. Ndapanga update ma driver koma palibe chasintha. Ndiifomate?
Mayi mphunzitsi, Kasungu

YANKHO: Aphunzitsi, musaifomate chonde, mutaya ma scheme ndi mayeso a ana pachabe. Mmene mwafotokozeramu zikuloza ku sipika yeniyeniyo, koma tiyeni titsimikize kaye, mayeso ake ndi aulere.

Choyamba bayani ma earphone, olo a foni omwewa, muyimbe vidiyo yomweyo. Ngati m'makutu mukumveka bwino popanda kuthetheka ndiye kuti driver ndi chip zikugwira ntchito yake, vuto lili pa sipika kapena waya wake. Ngati kuthetheka kuliponso m'ma earphone, ndiye tiyang'ane ku Windows. Mayeso amenewa ndi amene ndimafuna munthu aliyense atayamba nawo asanapite kwa wokonza aliyense, satenga olo mphindi imodzi.

Chachiwiri, dinani Windows ndi R, mulembe mmsys.cpl, mudine Enter. Sankhani Speakers, Properties, kenako Levels, pali batani la Balance. Tsitsani L mpaka 0 mumvere kumanja kokha, kenako musinthanitse. Ngati kumanja kukulira bwino kumanzere kokha n'kumene kukuthetheka, imeneyo ndi sipika, driver ikavuta siisankha mbali kawirikawiri. Muli pomwepo onaninso pa Enhancements, muchonge Disable all enhancements mumverenso, chifukwa zokometsera mawu zija, pa Dell imakhala Waves MaxxAudio, pena zimakankha bass mopitirira muyeso. Pa Advanced yesani kusintha kuika 16 bit, 44100 Hz kapena 24 bit, 48000 Hz. Ndipo poti yanu ndi Dell muli ndi mwayi wina, izimitseni, poyatsa muzidina F12, musankhe Diagnostics. Mayeso amenewo amachitika Windows isanayambe n'komwe ndipo amaliza timawu pa masipika, nde ngati timawuto tikutuluka tosasa, driver ilibe mlandu. A HP dinani Esc kenako F2, pa Component Tests pali Audio.

Tsopano za chimene chachitika m'katimo. Sipika ya laputopu ndi kanthu kakang'ono kwambiri, kambiri mphamvu yake imangozungulira ma watt 2 basi. Muli maginito, kawaya kopyapyala kokulungidwa, ndi kachikopa kopepuka kamene kamanjenjemera n'kumakankha mpweya, ngati chikopa cha ng'oma, chikabooka m'mphepete ng'oma imalirabe koma mosasa. VLC imalola voliyumu kupitirira 100%, pa mzere wake imafika 125% ndipo ndi kiyibodi imatha kufika 200%. Mukapitirira 100 mawu sakula mwaukhondo, nsonga zake zimadulidwa, kawaya kaja kamatentha ndipo kachikopa kamamenyedwa mpaka malire tsiku ndi tsiku, mapeto ake guluu wa m'mphepete amasiya kapena kamang'ambika. Kuphatikiza apo zaka, laputopu ya zaka 8 kapena 10 mphira wa m'mphepete mwa sipika umakhala utauma kale, kutentha kwa October kuno ndi fumbi la choko zimangomalizitsa.

Musanagule yatsopano yang'anani pa timabowo ta sipika ndi tochi ya foni. Maginito aja amakoka tizitsulo, ka staple kothyoka, tiphulusa tachitsulo, ndipo tikakhala pa kachikopa timachititsa phokoso lofanana ndendende ndi la sipika yong'ambika. Pukutani ndi mswachi wouma wofewa. Singano kapena pini musalowetsemo, mubowola. Onaninso ngati laputopu yatupa, touchpad yakwera kapena chivundikiro chapansi chikuyasama, chifukwa pa malaputopu ambiri batire imakhala moyandikana ndi masipika ndipo ikafufuma imawapanikiza. Batire yotupa ndi yoopsa payokha, ichotsedwe msanga, osaibaya.

Ikapezeka kuti yang'ambikadi, kusintha si ntchito yaikulu. Masipika amabwera awiri olumikizana ndi kawaya kamodzi kobaya pa motherboard, ndi timasikuluwu tochepa, ndipo okonza ambiri ku Lilongwe, Limbe kapena Mzuzu amachotsa pa laputopu yakufa ya mtundu womwewo. Muwauze akuyesereni muli pomwepo, mbali zonse ziwiri, asanatseke. Ndipo wokonza wabwino amachotsa kaye waya wa batire asanagwire china chilichonse m'katimo, mukaona sakutero muwakumbutse.

Koma aphunzitsi, ndikuuzeni zoona, olo muike atsopano adzang'ambikanso ngati muzipitiriza kudyetsa kalasi yonse ndi timasipika timeneti. Sanatipangire zimenezo. Kambiranani ndi ahedi kapena komiti ya sukulu mupeze sipika ya Bluetooth yotchaja kapena ya waya, ana akumbuyo adzamva bwino kuposa kale, VLC muziisiya pa 100 osapitirira.

FUNSO: Bwana, Lenovo yanga ikumalira pa mahedifoni pokha, ndikawazula imangokhala chete koma pakona ikulembabe kuti Headphones. Pena ndikabaya ndi kuzula kangapo imabwerera. Ndi mizimu yanji imeneyi?
Wowerenga wa ku Ndirande

YANKHO: Palibe mizimu apa akulu. M'kabowo ka 3.5mm kaja muli kachitsulo kamene kamakankhika mukabaya jack, ndi kamene kamauza laputopu kuti zimitsa masipika, mawu apite ku makutu. Mukalowa fumbi, ulusi wa m'chikwama, kapena kachitsuloko kakapindika chifukwa chokoka waya cham'mbali, kamakanirira ndipo laputopu imaganiza kuti mahedifoni akadali momwemo. Zoti mukabaya ndi kuzula kangapo imabwerera ndi umboni wake umenewo. Izimitseni, tengani kamtengo kotokosera m'mano, mutokose pang'onopang'ono osakakamiza, kenako mupemereremo ndi kapampu kamphepo. Ngati mungapeze isopropyl alcohol, spirit wotsukira zipangizo zamagetsi, pakani pang'ono pa jack ya mahedifoni, mubaye ndi kuzula kangapo, mudikire iume musanayatse. Madzi, mafuta ophikira kapena a makina ayi. Zikakanika, tsegulani Realtek Audio Console kapena Realtek HD Audio Manager ngati ilimo, pa malaputopu ena muli posankha kuti isamazindikire jack kapena kuti masipika ndi mahedifoni zizioneka padera, nde mumangosankha Speakers ndi dzanja. Kabowo kakakhala kothyokeratu, okonza amatha kusintha, pa malaputopu ena kamakhala pa kabolodi kakekake kolumikizidwa ndi riboni, kosavuta n'komwe.

FUNSO: Mtendere wa Ambuye. Ine ndimayang'anira zoulutsira mawu kutchalitchi kwathu. Tili ndi mavuto awiri. Tikalumikiza projector ndi HDMI mawu amasowa ku masipika aakulu, pena amatulukira pa projector pang'onopang'ono. Komanso tikabaya laputopu ku mixer pamamveka kung'ung'udza kosalekeza mpaka abusa amadandaula. Ena akuti sound card yafa tigule laputopu ina. Tithandizeni, ndalama zake ndi za chopereka.
M'bale wa ku Mchinji

YANKHO: Abale, chopereka chisapite ku laputopu ina, yanuyo ndikuona kuti ili bwinobwino. Waya wa HDMI umanyamula chithunzi ndi mawu omwe, nde mukangobaya, Windows imaona ngati mwabweretsa sipika yatsopano n'kusamutsira mawu konko. Dinani kasipika ka pakona, mutsegule mndandanda wa zotulutsira mawu, muona dzina la projector yanu kapena la TV, inu musankhe Speakers kapena Headphones za Realtek. Kuti zisamabwerezeke Lamulungu lililonse, projector ili chilumikizire tsegulani mmsys.cpl, dinani batani lakumanja la mouse pa dzina la projector musankhe Disable, kenako ikani Speakers ngati Default Device. Tsiku lomwe mudzafune mawu a pa HDMI mudzadina kumanja pamalo opanda kanthu, Show Disabled Devices, n'kuibwezeretsa.

Za kung'ung'udzazo yesani ichi nthawi ya pulakatisi ya kwaya: phokoso lili mkati, zulani chaja pa laputopu iziyendera batire. Likangosiya pompo, mwapeza. Chimachitika n'choti laputopu ndi mixer zonse zalumikizidwa ku earth kudzera njira ziwiri zosiyana, kamphamvu kochepa ka magetsi kamayamba kuyenda kudzera mu waya wa mawu, ndipo mumamva kulira kwa 50 Hz kwa magetsi athuwa. Amisiri amati ground loop. Machaja otchipa osakhala enieni amaonjezeranso kaphokoso kawo kosongoka, kamene kamasinthasintha mukamayendetsa mouse. Projector nayo imatha kubweretsa zomwezo kudzera pa HDMI, nde muyesenso kuizula mumve kusiyana.

Poyambira, bayani laputopu, projector ndi mixer pa extension imodzi, pena zimathera pomwepo. Zikapitirira gulani ground loop isolator kapena DI box yokhala ndi batani la ground lift, timabokosi toika pakati pa laputopu ndi mixer todula njira ya kamphamvu kaja, m'mashopu a zida zoyimbira zimapezeka ndipo mtengo wake suyandikira n'komwe wa laputopu. Chimene ndikukupemphani ndi mtima wonse, musadule kapena kuchotsa phini ya earth pa pulagi. Ndikudziwa kuti ambiri amatero ndipo phokoso limasiyadi, koma phini imeneyo ndi imene imateteza munthu wogwira maikolofoni chinthu chikashota, ndipo ogwira maikolofoni kutchalitchi ena ndi ana a Sande sukulu.

Chinanso onani pomwe mukubaya pa mixer. Laputopu ilowe pa Line In kapena pa stereo channel, ndi waya wa 3.5mm wopita ku ma RCA awiri kapena ma jack aakulu awiri. Musaibaye mwachindunji pa bowo la XLR la maikolofoni, makamaka ngati batani la 48V phantom power lili loyatsa, magetsi amenewo atha kubwerera ku laputopu n'kuotcha mbali yotulutsa mawu, apo ndiye sound card, chip ya mawu ija, ingafedi. Voliyumu ya laputopu muziika cha m'ma 70 kapena 80, zotsalazo muzikwezera pa mixer, chifukwa mukaitsitsa kwambiri n'kukweza gain mumakwezanso phokoso lomwe.

FUNSO: Yanga ndi Acer, imalira bwino koma usiku wina inapanga update yokha, kutacha mawu kulibe. Nthawi zina amabwera, ndikatseka chivundikiro n'kutsegulanso asowa. Pa YouTube pena pamakhala chete pomwe nyimbo za mu laputopu zikulira. Ndatopa nazo.
Mtsikana wa ku Mzuzu

YANKHO: Achemwali pepani, vuto lobwera n'kumapita limatopetsadi kuposa lokhazikika. Koma nkhani yabwino ndi yoti sipika yakufa siidzuka, nde poti mawu amabwera nthawi zina, masipika anu ndi amoyo. Apa pali zinthu ziwiri zosiyana.

Za YouTube ndi zazing'ono. Dinani kumanja pa tab ya Chrome pamwamba paja, ngati palembedwa Unmute site ndiye kuti munaitseka pakamwa mosadziwa. Komanso dinani kumanja pa kasipika ka pakona mutsegule Volume mixer, pulogalamu iliyonse ili ndi voliyumu yakeyake mmenemo, mwina ya Chrome ili pansi. Muonenso Bluetooth, laputopu imakumbuka sipika kapena ma earbuds amene munalumikizapo kale, wina akangoziyatsa chipinda china mawu anu amathawira konko inu n'kumadabwa.

Za update zo, pitani ku Device Manager, pa Sound, video and game controllers dinani kawiri pa Realtek, musankhe Driver, kenako Roll Back Driver. Imeneyi imabwezeretsa driver yakale yomwe imagwira bwino. Batanilo likakhala lotuwa losadinika ndiye kuti yakaleyo sinasungidwe, nde dinani Uninstall device, muchonge kabokosi kochotsa driver, mupange Restart, kenako muike ya patsamba la Acer. Pa malaputopu akaleko palinso njira iyi: Update driver, Browse my computer, Let me pick, musankhe High Definition Audio Device. Imeneyo ndi driver wamba ya Microsoft, ilibe zokometsera koma ndi yodekha, ndipo kangapo ndaona vuto losowa mawu laputopu ikadzuka ku tulo likutha ndi imeneyi.

Tsiku lomwe asowanso muli pakati pa ntchito, dinani Windows ndi R, lembani services.msc, pezani Windows Audio mudine kumanja, Restart, muteronso pa Windows Audio Endpoint Builder. Ndipo dziwani ichi, ambiri sachidziwa: pa Windows 10 ndi 11, Shut down siizimitsa zonse, pali chotchedwa Fast Startup chimene chimasunga ma driver mmene analili kuti idzayake msanga, nde driver ikakhala yasokonezeka imadzukanso chisokonezekere. Restart ndi imene imayambitsa zonse mwatsopano. Mutha kuzimitsa Fast Startup yo mu Control Panel, Power Options, Choose what the power buttons do.

FUNSO: Akulu, mwana anatayira tiyi pa laputopu yanga, ndinaiyanika padzuwa inayaka, zonse zikugwira kupatula mawu. Masipika chete, ma earphone chete. Ndapita kwa okonza awiri, aika ma driver osiyanasiyana koma ayi, wachiwiriyo akuti ndigule motherboard. Ndine wopanga mavidiyo a maukwati, popanda mawu ntchito yaima.
Bambo wa ku Chipata

YANKHO: Bambo, apa pokha ndikuopa kuti wokonzayo akhoza kukhala kuti akunena zoona pa za chip, koma pa zogula motherboard ndiye sindikugwirizana naye. Masipika ndi ma earphone zikafa limodzi pambuyo pa madzi, nthawi zambiri ndi chip ya mawu kapena tizipangizo toizungulira. Tiyi ndi woipa kuposa madzi, shuga ndi mkaka zimatsalira pa bolodi dzuwa litaumitsa, n'kumadya timiyendo ta chip pang'onopang'ono, n'chifukwa chake laputopu yotayiridwa tiyi imatha kuyaka lero n'kudzafa mwezi wamawa. Nde olo musafune kukonza mawuwo, ipititseni kwa munthu wodziwa ntchito ya pa bolodi aitsegule, achotse batire, atsuke pomwe panafika tiyi ndi isopropyl alcohol. Pena kutsuka kokhako kumabweza mawu. Muwapemphe akuonetseni bolodiyo ndi maso anu, pomwe padyeka pamaoneka zoyera kapena zobiriwira.

Kuti mutsimikize kuti si Windows, pemphani mnzanu wa intaneti yabwino akupangireni fulashi ya 8GB ya Ubuntu kapena Linux Mint, mitundu ya Linux yomwe imayendetsa kompyuta m'malo mwa Windows, pogwiritsa ntchito kapulogalamu ka Rufus. Yatsirani laputopu pa fulashiyo musankhe kungoyesa, Try Ubuntu, osati Install, mafayilo anu sakhudzidwa. Imbani nyimbo mmenemo. Ikalira ndiye kuti chip ili moyo, vuto ndi la ma driver ndipo okonza aja sanapeze yolondola. Ikakhala chete konko, pa Sound pakungolembedwa Dummy Output, ndiye zikugwirizana ndi zomwe akunenazo. Kungoti mayeso amenewa amadalirika kwambiri pa malaputopu akaleko, ena atsopano kwambiri amatha kukhala chete pa Linux ali abwinobwino.

Chip ikakhala kuti yafadi, ntchito yanu isaime. Gulani USB sound card, kanthu kofanana kukula ndi fulashi kokhala ndi mabowo awiri, lobiriwira la mahedifoni ndi lofiirira la maikolofoni. Kali ndi chip yakeyake m'kati, mukangobaya Windows imakazindikira yokha popanda kusaka driver, ndipo sikadalira chip yakufayo olo pang'ono. Mahedifoni a USB, sipika ya Bluetooth, ngakhalenso mawu a pa HDMI opita ku TV, zonsezi zimalambalala chip imeneyo. Totchipa kwambiri tija timakhala ndi kaphokoso ka sss pansipansi, nde poti inu mumakonza mawu a malumbiro ndi zolankhula za ankhoswe zomwe anthu adzamvere zaka zambiri, sungani ndalama pang'ono mugule ka USB audio interface kenikeni, kabokosi ka mawu ka m'ma studio ka mabowo awiri olowetsera mawu, mawu ake amaposa ngakhale a chip yomwe inabwera ndi laputopuyo. Mukabaya, kumbukirani kulowa mu pulogalamu yanu yodulira mavidiyo, kaya ndi Premiere Pro kaya ina, pa Audio Hardware musankhe chipangizo chatsopanocho, chifukwa mapulogalamu amenewa pena amakakamirabe chakale chija n'kumakhala chete pomwe Windows yonse ikulira.